Safunsa anadya phula, wofunsa naye analawako

Agogo anga ankati kalekale kunali munthu dzina lake Safunsa. Anzake atafula njuchi anamugawira chisa chonona, iye osafunsa kuti chodyedwa apa n'chiti. Anafinya uchi wonse n'kuutaya pansi poyesa kuti ndi zonyansa za njuchi, n'kukhala pamthunzi kumatafuna phula. Mwambi umenewu ndaukhulupirira moyo wanga wonse, ndipo ana amene ndawakalipira nawo angadzaze kalasi. Koma mkulu amene anaupeka sanapondeko ku Lilongwe. Akanafikako, akanauika mchira.

Mlongo wanga ali ndi mwana wamkazi amene anasankhidwa kupita ku LUANAR. Tsono ife a ku Zomba pa nkhani ya makoleji timadziona ngati eni ake. Kwathu mlendo akatsika basi n'kungoti "Chanco", ngakhale kamwana kogulitsa mandasi kamamulozera ku Chirunga, ndipo akasokera amangokweza maso: phiri lili apo, tauni ili patsinde pake, nkhani yatha. Choncho mlongo wangayo atati, "Achimwene, poti mukupita ku Lilongwe, mumutengereko mwanayu kaufa ndi timatemba ta ku Chilwa," ndinayankha modzigunda pamtima kuti sukulu sibisala. Anandipatsa nambala ya foni ya mwanayo, ine n'kuilemba pakapepala chifukwa cha ulemu chabe. Malume wamkulu ngati ine kuyimbira mwana wadzulodzuloli kuti andilondolere njira? Ndi iko komwe, likulu la dziko lino linachoka kwathu mu 1975. Ndingasokere bwanji mumzinda umene unachita kutenga udindo m'manja mwathu?

Ndinanyamuka Loweruka tambala woyamba. Liwonde, Balaka, Ntcheu ndinaziona ndi maso anga. Pa Lizulu ndinatsutsana mtengo wa mbatata ya kachewere kudzera pawindo ngakhale sindinkafuna kugula. Titadutsa Dedza kamphepo kozizira kananyengerera zikope, ndipo ndinadzidzimuka kondakitala akundigwedeza phewa kuti, "Madala, tafika, basi yathera pano." Tulo timeneti mutisunge, tibweranso kutsogoloku.

Depoti ya ku Area 2 simalandira mlendo, imamumeza. Ndisanaponde pansi bwinobwino, thumba la ufa linali kale pamutu pa mnyamata amene sindinamutume, chikwama china chikukokedwa kumanzere, ine mwini ndikukokedwa kumanja. Oyitanira ali pakamwa yasa: "25 iyi! 18, 49! Kawale, 23! Likuni, Chinsapo! Watsala mmodzi, ankolo, tikunyamuka!" Ndinaima kakasi. Kwathu malo amakhala ndi maina: Matawale, Chinamwali, Sadzi, Chikanda. Kuno anthu amagona m'manambala ngati odwala m'chipatala.

Bola manambalawo akanati azitsatana. Munthu amene anaphunzirako masamu amaganiza kuti ukachoka ku Area 9 n'kulumpha ngalande wafika ku Area 10. Ayi ndithu. Area 9 ili mbali ya Old Town, pamene Area 10 ili kutali uko, kufupi ndi Capital Hill. Area 24 ili kummwera, Area 25 ili kumpoto njira ya ku Kanengo, ndipo pakati pa awiriwa pagona mzinda wonse. Manambalawa sanatsate mapu. Ali ngati ana a mitala: kubadwa motsatizana sikutanthauza kuti amagona nyumba imodzi. Kuonjezera apo, 47 ili ndi masekitala ake, 18 ili ndi A ndi B, 25 ili ndi A, B ndi C, ndipo mkati mwa 49 muli malo otchedwa Dubai, moti munthu atha kukuuza kuti akuchokera ku Dubai fumbi lili mbuu m'miyendo, osanama ngakhale pang'ono.

Apa m'pamene ndinavala malaya a Safunsa. Ndinaganiza ndekha kuti sukulu yaikulu chotere, ya dzina la zilembo zikuluzikulu zokhazokha, singakhale kwina koma pakati pa mzinda. Nditamva wina akukuwa kuti "City Centre, 12!" ndinalowa ndi katundu wanga ngati mwini mudzi. Watsala mmodzi uja anatenga mphindi 40 kuti apezeke, chifukwa anthu atatu amene ndinawapeza atakhala pampando wakumbuyo ankatsika mmodzimmodzi pakabwera wokwera weniweni. Ntchito yawo ndi yomweyo: kukhala m'minibasi imene sapita nayo kulikonse.

Mlendo aliyense adziwe kuti Lilongwe ili ndi mitima iwiri, ndipo umene umatchedwa City Centre ndi umene sugunda Loweruka. Wa ku Lilongwe akati "ndikupita mtauni" akunena ku Old Town, kumene kuli msika, mashopu a Amwenye, msewu wa Malangalanga, Bwalo la Njobvu ndi piringupiringu wa anthu. City Centre inamangidwa pambuyo pake, dala, kuti boma likhale ndi pokhala. Pakati pa mitima iwiriyi anasiyapo nkhalango yosungiramo nyama, mwina pofuna kuti phokoso la kumsika lisasokoneze osainira mafayilo. Ndinatsika n'kupeza kuli zii. Nyumba ya Reserve Bank ili njo, yotambalala kumwamba ngati anaimanga chadodolido. Chapatali Nyumba ya Malamulo, imene inatsegulidwa mu 2010, pafupi pake chiliza cha Kamuzu. Wophunzira ngakhale mmodzi wonyamula buku, ayi. Matemba aja anayamba kulengeza za kubwera kwanga kwa ntchentche zonse za mderalo.

Phula loyamba linali limenelo, ndipo ndikuvomera kuti ndinalitafuna mwakufuna kwanga. Ndinakumbukira agogo, ndinalapa, n'kutsimikiza mtima kuti kuyambira pano ndifunsa aliyense wopuma mpweya.

Woyamba anali bambo wina wa jekete, wooneka kuti sukulu anapitako. Nditatchula LUANAR anagwedeza mutu mwachidaliro. "Aaa, si patali, bambo. Mutsike ndi msewu uwu, mukafika pa raundabauti musakhote, mukafika pa inayo mukhote. Mukaona pamene panali mtengo waukulu uja anaudula, ndiye kuti mwapitirira." Ndinathokoza kwambiri. Ndinayenda mpaka ndinalowa m'dera la mabwana, kumene nyumba sizioneka, umangoona mipanda ya njerwa, waya wamagetsi pamwamba ndi maluwa ofiira akusuzumira kunja. Kumeneko mwambi wathu umafera m'mazira, chifukwa wofunsa alipo koma womufunsa palibe. Eni ake amatuluka pageti magalasi a galimoto ali otseka. Okhawo amene anandiyankha mwachangu anali agalu, ndipo yankho lawo linali lomveka bwino kuposa la bambo wa jekete uja. Pageti lina ndinapeza mlonda akuwotcha chimanga pambaula. Anandilandira mwaulemu, anandipatsa mpando wake, anamvetsera nkhani yanga yonse kuyambira ku Zomba, kenaka anati, "Pepani bambo, ine ndabwera Lolemba lomweli kuchokera ku Mchinji. Koma ndikuganiza kuti ndi uko." Analoza ndi chitsononkho.

Taonani vuto lathu Amalawi. Mawu oti "sindikudziwa" timawaona ngati chipongwe, makamaka kwa mlendo wa imvi amene wanyamula katundu. Kulola munthu kuchoka chimanjamanja ndi nkhanza, ndiye timamupatsako kanjira kalikonse koti anyamule, monga momwe timaperekera kankhuku kwa mlendo potsazika. Amene anandisocheretsa tsiku limenelo panalibe woipa mtima ngakhale mmodzi. Onse anandipatsa phula ndi manja awiri, atagwada.

Katswiri wa onse anali wakabaza wa njinga yamoto. Ameneyu sanadikire n'komwe kuti ndimalize. "Ku koleji? Ndikudziwako bwino, bwana, dzulo lomweli ndinali komweko. Kwerani." Wakabaza wa mu Lilongwe sanabadwe amene sadziwa malo, amadziwa kulikonse mpaka mafuta atatsala pang'ono. Ufa anauika pathanki, ine kumbuyo ndi matemba pamiyendo, chipewa choteteza mutu chili chimodzi ndipo mwini wake anachikoloweka pachigongono. Tinadutsa pakati pa magalimoto ngati ulusi pasingano, ine ndikupereka moyo wanga kwa Mwini wake. Ananditsitsa pafupi ndi chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, n'kuloza geti monyadira. Koleji inalidi koleji, koma ya anamwino. Mtengo anatchula wina, wosiyana ndi umene tinagwirizana, ati chifukwa ufa nawo ndi pasinjala.

Mtsikana wina wovala yunifolomu yoyera anandimvera chisoni. Anandifotokozera kuti pamenepo ndi pa KUHeS, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, ngakhale anthu akadali kunena kuti ku KCN. Kenaka anandifunsa funso limene linandifoola mawondo: "Nanga mwana wanuyo ali kampasi iti, agogo? Ku Bunda, ku NRC, kapena ya mtauni muno?" Za agogozo ndinamukhululukira. Koma ine ndinkayesa kuti sukulu imodzi imakhala malo amodzi, monga mwa chilengedwe.

Apa panali gwero la mavuto anga. Maina a pa kalata si maina a pamsewu. Boma limatha kusintha dzina ndi lamulo la ku Nyumba ya Malamulo, koma kondakitala salandira kalata yake. Bunda inatuluka mu University of Malawi n'kukhala LUANAR zaka zoposa khumi zapitazo, Natural Resources College n'kudzalowa momwemo, koma pasiteji palibe amene amaitanira LUANAR. Poly ya ku Blantyre inasanduka MUBAS, komabe ndi pa Poly. Chipatala cha Bwaila mpaka lero akuluakulu amati ku Bottom. Ine ndinkafunsa ndithu, koma ndinkafunsa m'chinenero cha pa satifiketi.

Mtsikana uja anayesa kundithandiza ndi mapu a pafoni yanga. Foni imeneyi ana anandigulira, ndipo muli mayi wina wolankhula Chingerezi cha m'mphuno amene amati amadziwa njira zonse za padziko lapansi. Titalemba dzina la sukulu, anatulutsa timadontho tofiira tingapo, kena kummwera, kena kumadzulo mbali ya msewu wa ku Mchinji, kena mtauni momwemo, n'kundisiya kuti ndisankhe ndekha ngati mayeso. Mayi ameneyu ndiye Safunsa weniweni wa masiku ano. Sanayambe waimapo n'kupereka moni kwa munthu. Amatchula misewu ndi maina ake a m'mabuku, Kamuzu Procession, Chilambula, Mzimba, pamene eni mzinda amayendera ma filing'i siteshoni, mabawo ndi mitengo imene inadulidwa kale. Ndisanasankhe n'komwe kadontho kanga, bandulo inatha, mayi uja n'kukhala chete osatsazika.

Kapepala ka nambala kaja kanali m'thumba la malaya nthawi yonseyi. Ndinakagwira kawiri. Koma munthu ukasochera maola anayi, kuyimba foni kumakhala kovuta kuposa poyamba, chifukwa tsopano uyenera kufotokozanso kumene unali.

Ndinabwerera ku Old Town dzuwa litapendeka, ndinawoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe wapansi, thukuta lili kamukamu, mpaka ndinafika pa depoti pomwe ndinayambira. Ndinakhala pambali pa mayi wina wogulitsa nthochi, n'kugula ziwiri kuti ndipeze chifukwa chokhalira. Anandiyang'ana, anayang'ana thumba la ufa, n'kunena kuti, "Bambo, si inu munatsika basi ya ku Zomba m'mawa uja? Simunafikebe?" Ndinamuuza za LUANAR. Anayankha mawu amene ndinawasowa tsiku lonse: "Zimenezo ine sindikuzidziwa." Ndinatsala pang'ono kumugwira chanza. Kenaka anafunsa, "Kodi mwanayo amaphunzira chiyani?" Ndinati za ulimi, ndipo amatitumizira zithunzi ali ndi ng'ombe, kumbuyo kwake kuli phiri. Mayi uja anaseka mpaka anagwira m'nthiti. "Si ku Bunda kumeneko! Bwanji osangonena? Kwerani za ku Mitundu, izo zaima apozo." Sanaloze ndi chala n'komwe, analoza ndi milomo. Kuchokera pamene ndinatsikira m'mawa kufika pamene panali minibasiyo, mwana wokwawa akanafika osalira.

Tinatuluka mtauni kulowera kummwera, msewu wa M1 womwe uja wa ku Dedza. Ndinayamba kuzindikira malo amene sindinawaone. Titafika pa raundabauti ina kondakitala anakuwa kuti, "Bunda Turn-off, otsika!" Pamenepo m'pamene ndinamvetsa kuti basi ya m'mawa inandidutsitsa pakhomo penipeni pa njira yanga ndili mkonono. Wochokera kummwera safunika kulowa mtauni n'komwe. Amatsika pamenepo n'kukwera za ku Mitundu, chifukwa Bunda ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda, pakati pa minda, patsinde pa phiri lake. Sukulu imene ndinkaisaka pakati pa nyumba zosanja inali kumudzi, ndipo inali ndi phiri loilondolera ngati kwathu komwe.

Mwana uja ndinamupeza chakumadzulo, nkhope ili ndi nkhawa. Amayi ake anali atamuyimbira kasanu. Anagwada, analandira ufa ndi matemba amene tsopano anali atayendera mzinda wa Lilongwe kuposa aphungu ena, n'kufunsa, "Koma amalume, bwanji osangondiyimbira?" Ndinayankha kuti ndinali ndi tizochita tina ku City Centre. Sikunali kunama kwenikweni.

Inu amene mwana wanu wasankhidwa chaka chino, mufunseni dzina limene kondakitala amalidziwa, osati la pa kalata. Ndipo mukadutsa Dedza, wina akutsineni.