Mutu wa chambo sunathe, achimwene

M'malesitilanti ena a ku Blantyre ndi ku Lilongwe muli changu chodabwitsa. Chakudya chimachedwa kufika mpaka njala kuyamba kukuiwala, koma mbale yake imachoka patebulo ngati mwanapiye wofwambidwa ndi mphamba. Ungocheuka kuti uyankhe foni, dzanja latulukira paphewa, mbale yapita.

Operekera zakudyawa tisawadzudzule kwambiri. Anaphunzitsidwa mwambo wa ku Ulaya woti munthu akagoneka foloko ndi mpeni pamodzi m'mbale ndiye kuti wamaliza, akazisiya motalikirana ndiye kuti akungopuma. Nanga wodya nsima ndi manja agoneke chiyani? Zala?

Zimapweteka kwambiri pa chambo. Funsani aliyense wa ku Mangochi, akuuzani kuti mnofu ndi malonje chabe, nkhani yeniyeni ili kumutu. Umausunga dala pambali kuti mitanda ikatha uyambe kuuphwanya modekha: maso, timinofu ta m'masaya, kamsuzi kobisala m'mafupa. Woperekera zakudya uja akaona mutu ndi minga, kwa iye ntchito yatha. Mmalawi ndi ulemu wake amangoti "zikomo achimwene," maso akuperekeza mbale mpaka pakhomo la khitchini.

Palinso wodya pang'onopang'ono amene anzake onse awachotsera mbale. Amatsala yekha, tebulo lonse likumuwerengera mbamu. Mwambo womwe uja wa ku Ulaya umati mbale zichoke onse akamaliza, koma tsamba limenelo likuoneka kuti linatsalira padoko la Beira.