Safunsa Adadya Phula: Kodi Anali Mphunzitsi?

Makolo adati safunsa adadya phula. Mkulu uja adapatsidwa chisa cha njuchi, ndipo poopa kuoneka wotsalira, sadafunse kuti chodya nchiti, cholavula nchiti. Adameza zonse, nkupukuta pakamwa mwaukatswiri. Mwambiwu sunena kuti bamboyu ankagwira ntchito yanji, koma ine ndaganizaganiza ndipo ndikuwakayikira aphunzitsi.

Musanditolere miyala, aphunzitsi anga. Ntchito yanu ndi yofunsa mafunso omwe mayankho ake muli nawo kale m'thumba. "Ana inu, mtsinje wa Shire umachokera kuti?" Mumafunsa nkhope ili gwa, ngati simudawolokepo pa mlatho wa ku Mangochi boma. Munthu wozolowera mafunso otere, tsiku loti afunse chinthu chomwe sakuchidziwadi, lilime limalemera. Amangokhosomola nkuti, "Tiyeni tipitirize."

Tsono chisa cha njuchi cha masiku ano ndi tabuleti. Mu Seputembala 2023, Unduna wa Zamaphunziro udayamba ndondomeko ya BEFIT m'masukulu 500 a pulayimale, yoti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti otchajidwa ndi sola. Maphunziro ali m'katimo adakonza ndi bungwe la onebillion, ndipo amalankhula Chichewa. Nkhaniyi idayambira patali, pomwe adayesa njirayi pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe mu 2013. Cholinga nchoti ifike m'masukulu onse a pulayimale a boma, kutanthauza kuti ngakhale ife a kwa Chowe, kuno kumapiri a njira ya ku Namwera, palibe kothawira.

Asanagwire chipangizocho, aphunzitsi amayamba aitanidwa kumaphunziro. Amene adakhalapo pa maphunziro otere ku TDC, malo osulira aphunzitsi, akudziwa mmene zimayendera. A PEA, alangizi a masukulu a pulayimale, atsegula ndi pemphero, mlendo wochokera kulikulu aonetsa podina, potsekera, potchajira, liwiro lake ngati akuthawa mvula. Kenako afunsa, "Pali funso?" M'chipinda monse zii. Mitu ikugwedezeka mogwirizana, aliyense akudikira mnzake kuti ayambe kuoneka mbuli. Patapita kanthawi mkono umodzi ukwera kumbuyo, mlendo nkusangalala kuti wapeza wofuna nzeru. "Pepani bwana, alawansi tisayinira nthawi yanji?"

Funso limenelo sindilinyoza ayi. Ndi funso lokhalo lomwe limayankhidwa tsiku lomwelo.

Phula limadyedwa Lolemba m'mawa. Tabuleti yakana kuyaka. Aphunzitsi aitembenuza, aigwedeza, aipemerera mpweya pagalasi nkupukuta ndi malaya. Ana maso tong'o. Ndiye pali kamwana ka Sitandade 3, kamene kamaseweretsa foni yomwe amalume ake adatumiza kuchokera ku Joni. Kakweza dzanja mwaulemu: "Sala, dinani apo, musachotse chala msanga." Tabuleti ng'anii, yayaka. Apa mphunzitsi wanzeru amati, "Bwera undionetsenso." Mdzukulu wa safunsa amati, "Eya, ndimafuna ndione ngati mumamvetsera," ndipo mawa lake matabuleti onse amatsekeredwa mu ofesi ya a hedi, pa chifukwa choti ana angawononge katundu wa boma. Chinthu chimakhala chatsopano mpaka kutha ntchito chili m'bokosi.

Koma ndikadakhala wachinyengo ndikadati phula amadya aphunzitsi okha. Alendo obwera pa galimoto zoyera aja nawonso amalimeza, kungoti iwo amatsitsira ndi madzi a m'botolo. Ndi angati mwa iwo amakhala pansi nkufunsa mphunzitsi wa kumudzi mmene tsiku lake limayendera? Akadafunsa, akadamva kuti kalasi imodzi ikhoza kukhala ndi ana opitirira 100, ndipo kungogawa mahedifoni nkuwatoleranso kumadya nthawi yomwe papepala palibe. Akadamva kuti mwana wa kwa Chowe amabwera ku Sitandade 1 ndi Chiyao cha kwa amayi ake, ndiye Chichewa cha m'tabuleti, chokoma chonchija, chimafunabe munthu wamoyo woti amasulire. Akadamva kuti maphunziro a ana amayenda popanda intaneti, inde, koma uthenga wa pa WhatsApp woti "tumizani lipoti lero lomwe" umafuna bandulo ya m'thumba mwa mphunzitsi, ndi miyendo yokwerera pachulu pomwe netiweki imapezeka mphepo ikakhala bwino.

Ndipo pali nthenda ina yomwe aliyense amaidziwa. Sukulu itumiza mphunzitsi mmodzi wachinyamata kumaphunziro, poti ndiye "wa zamafoni." Miyezi ingapo, kalata yabwera, wasamutsidwira kutauni. Wapita ndi matilesi ake, njinga yake ndi pasiwedi.

Dziko lino lidalawapo kale phula la changu. Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana adachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo zikwizikwi za anthu adapatsidwa choko asanaphunzire bwino uphunzitsi. Mu 2008 kudabwera Tikwere, maphunziro a pa wailesi, ndipo ana adawakonda. Mukapita pa sukulu yakwanuko, tafunsani a hedi kuti mawailesi aja ali kuti tsopano. Mukawaona akuyang'ana kudenga, musalimbikire.

Ine tabuleti ndikuifuna, ndipo uchi ulimo ndithu. Mwana amene m'kalasi yodzaza sangaitanidwe dzina chaka chonse, pa tabuleti amayankha yekha funso lililonse, nkuuzidwa pomwepo ngati walakwa, popanda anzake kumuseka. Choko sichingachite zimenezo kwa ana 100 nthawi imodzi.

Choncho aphunzitsi, mlendo akadzati "Pali funso?" kwezani mkono, mumuuze abwereze kachitatu, pang'onopang'ono, tabuleti ili m'manja mwanu osati mwake. Za alawansi mufunse pomaliza, sizithawa. Nanu a ku unduna, mukamaliza kuphunzitsa musathamangire galimoto: khalani tsiku limodzi m'kalasi ya Sitandade 1 kwa Chowe, mugawe nokha mahedifoniwo.