Zikhomo za Kalulu

Padangokhala.

Nyama za kudambo la kumadzulo zitatopa ndi kulumana, zinakumana pansi pa mlambe n'kupanga bungwe. Zinagwirizana kuti msika ukhale umodzi, chitsime chimodzi, njira zonse zosatseka. Njovu anakhala wapampando chifukwa cha thupi. Gologolo anakhala msungichuma. Kalulu anakhala mlembi, poti ndiye yekha ankatha kuwerenga zimene walemba.

Malamulo anali ambiri, koma limodzi ndilo linali lapamtima. Msonkhano unkayamba nalo, msonkhano unkatha nalo:

"Ng'oma ikalira kwa mmodzi, mikondo ituluke kwa onse."

Lamulo lokoma. Linkakoma chifukwa chiyambire bungwelo ng'omayo inali isanalirepo. Inkangolendewera panthambi, mavu atamangamo chisa.

Malire a bungwe anali zikhomo zopaka laimu. Kunja kwa zikhomo, chakum'mawa, kunali munda wa Nungu. Kuseri kwa munda kunali mtsinje. Kutsidya kwa mtsinje kunali Fisi.

Usiku wina Fisi anawoloka. Anati mundawo unali wa agogo ake, ndipo Nungu ndi mphwake chabe amene anamera minga chifukwa chocheza ndi alendo. Nyama zonse zinati Nungu satha masiku 3, mpaka Gologolo anayamba kusonkhetsa chipepeso. Koma kutacha Fisi anaoneka akubwerera kumtsinje, mphuno ili minga yokhayokha, akulira kulira kuja kumene inu mumati n'kuseka.

Mawa lake anabweranso. Mkuja anabweranso. Minga imaphuka ndithu, koma njala ya Fisi imaphuka msanga kuposa minga.

Ndiye Nungu anapita kumlambe, msana uli madazimadazi, nagwada.

"Zikomo mfumu, zikomo nonse. Ndabwera kudzalowa bungwe."

Eee, nthungululu! Njovu anagwetsa misozi yodzaza mtsuko. Anyani anadzisomeka udzu kumsana kuti afanane naye. Kalulu anamukumbatira, chapatali pang'ono, nati, "Achimwene, kwanu n'kuno. Nkhondo yanu ndi nkhondo yathu."

Nungu anathokoza n'kuthamangira kumunda, poti dzuwa linali litapendeka. Nyama zinatsalira. Mbawala ndiye anafunsa, mawu ali pansipansi.

"A Mlembi, Nungu akalowa lero, ng'oma ilira liti?"

"Lero lomwelo."

"Nanga mikondo?"

Zii. Njati anakumbukira kuti mtengo wa mkondo wake anausandutsa mpini wa khasu. Nguluwe anakumbukira kuti mbatata za Nungu n'zotsika mtengo, zikalowa mumsika zake ziola. Nkhanga anati mwambo wa makolo ake sulola kugwira chida, ndipo zimenezo zinalembedwa kale m'buku.

"Kukana sitingakane, tawomba kale m'manja," anatero Njovu. "Kulola sitingalole, tili ndi ana."

"Ndisiyireni, mfumu," anatero Kalulu. "Sitimukana. Sitimulola."

M'mawa Kalulu anasema kampando n'kukaika pakhomo penipeni pa bwalo, mwendo umodzi mkati, miyendo iwiri kunja. Anatenganso chingwe cha luzi n'kumangapo mfundo 35.

"Achimwene, mwalandiridwa ngati mlendo woyembekezera kulowa. Ulemu umenewu si wa aliyense. Chatsala n'chingwechi basi. Mfundo iyi ndi ya kayezedwe ka mbatata. Iyi ndi ya kakumbidwe ka mauna. Iyi ndi ya ziphuphu. Mukakonza, timasula. Koma mfundo simasulidwa pokhapokha nyama zonse zitavomera, ngakhale Chule."

Nungu atakhala pakampando anaona kuti sali yekha. Pambali pake panali mwala wandere. Mwalawo unatulutsa mutu.

"Takulandirani, mwanawe," anatero Kamba.

"Agogo, mwafika liti pano?"

"Minyanga ya mfumuyo isanapindike."

"Mwamasula zingati?"

"Imodzi."

Nungu sanataye mtima. Usiku kumenyana ndi Fisi, usana kukonza miyezo. Usiku kumenyana ndi Fisi, usana kuwongola mauna. Anathamangitsa ngakhale msuweni wake amene ankaba mbatata za asilikali. Mwezi ukakhala, ankabwera kumlambe, ndipo Njovu ankafunsa, "Alipo wokana?"

"Ine ndakana," ankatero Nkhandwe.

Nkhandweyu ankagula mafuta kwa Fisi, mafuta a nyale otsika mtengo, ndipo sankabisa. Enawo ankamunyoza masana n'kukapempha kabotolo usiku. Nkhandwe akakana, nyama zonse zinkabuula, zinkapukusa mitu, zina mpaka kulavula. Kalulu ankaperekeza Nungu mpaka pazikhomo.

"Ife tonse tikufuna, achimwene. Koma mwadzimvera nokha."

Chimene Nungu sankadziwa n'chakuti Nkhandwe anali watulo. Tsiku lililonse la msonkhano, tambala asanalire, Kalulu ankakagogoda pakhomo pake, kumupungulira madzi osukusula, kumuperekeza mpaka pampando wake.

Musati nyamazo zinali zouma manja. Zinapereka ndithu. Poyamba zinatumiza mabulangete. Nungu atanena kuti Fisi saopa bulangete, zinatumiza zisoti. Atapemphanso, zinakhala pansi dzinja lathunthu kukambirana, n'kutumiza mikondo ifupiifupi, ndi pangano lakuti asaiponyere kutsidya kwa mtsinje, kuopa kuti Fisi angakwiye.

"Kodi panopa sanakwiye?" anafunsa Nungu.

"Mwafunsa bwino," anatero Kalulu. "Tisankha komiti."

Zinapita choncho, zinapita choncho. Ndiye tsiku lina Nkhandwe anadya nyama yoola. Kalulu anagogoda, anagogoda, mkati mukungomveka kubuula. Anayesa kumukoka mchira, osatheka. Anafika kumlambe ali yekha, makutu ali zyolizyoli.

Njovu anakweza chingwe. "Mfundo yoyamba. Alipo wokana?"

Njati anayang'ana Mbawala. Mbawala anayang'ana Nguluwe. Nguluwe anayang'ana mpando wa Nkhandwe. Aliyense anali atalumbira kambirimbiri, pamaso pa Nungu, kuti vuto ndi Nkhandwe yekha. Mfundo inamasuka. Yachiwiri inamasuka. Dzuwa lisanafike paliwombo chingwe chinali chitawongoka, ndipo Anyani, amene nthawi zonse ankayambitsa nthungululu, anali atagwidwa chifuwa.

"Mfumu," anatero Kalulu, "ndipatseni usiku umodzi ndilembe chikalata."

Analemba usiku wonse, nyale ikuyaka ndi mafuta aja. M'mawa anawerenga mokweza.

"Kuyambira lero Nungu ndi wathu, iye ndi munda wake wonse, kuchokera kuno mpaka kumtsinje. Azigulitsa pamsika wathu, azimwa pachitsime chathu, azipereka msonkho wathu. Ng'oma ikalira kwa mmodzi, mikondo ituluke kwa onse."

Nthungululu. Kenaka anatsitsa mawu, nawerenga kamzere kakang'ono ka pansi.

"Ng'oma idzalira mdani akadutsa zikhomo. Zikhomo zidzakhomedwa pamene pali mtendere. Pamene pali Fisi tidzakhoma nkhondo ikatha."

Nungu anali asanagone mausiku ambiri. Anazula munga umodzi mwa yotsalayo n'kusaina. Anapereka dengu la mbatata la ndalama yolowera. Tsiku lomwelo zikhomo zoyera zinakhomedwa pakati pa munda wake, pamzere womaliza umene Fisi anali asanaupondepo.

Usiku Fisi anabwera nalanda mizere 5. Nungu anamenyana naye mpaka mbandakucha, n'kuthamangira kumlambe kukaimba ng'oma. Anapeza Kalulu atakhala pansi pake, miyendo ili mame okhaokha.

"Pepani achimwene, tikaone kaye. Ng'oma saimbira mphekesera."

Anapita ndi mboni. Mapazi a Fisi anali paliponse, mbatata zofukulidwa, minga yothyoka. Koma mapaziwo ankathera pazikhomo penipeni.

"Mwaona?" anatero Kalulu. "Fisi sanadutse zikhomo. Amatiopa."

Nungu anayang'ana zikhomo, nayang'ana mtengo wa mpoza umene dzulo unali mkati, lero uli kunja. Anafuna kulankhula, koma mboni zinali zitayamba kale kuvina.

Usiku wina mizere 5. Mbandakucha Kalulu ndi kanyundo kake: zule, zule, kho, kho. Fisi sanadutse zikhomo. Usiku wina mizere 8. Zule, zule, kho, kho. Fisi sanadutse zikhomo. Mbawala anamuona tsiku lina akukhoma, natembenuka kuyang'ana mitambo. Njati anamuona, namubwereka nyundo yokulirapo.

Pakutha pa chaka Kalulu anawerenga lipoti: chiyambire bungwe, mdani sanapondepo ngakhale chikhadabo mkati mwa malire. Anamuveka mendulo, panaphikidwa mowa, ndipo Kalulu anamwa mpaka kuiwala tambala.

Usiku umenewo Fisi anadutsa, zikhomo zili pomwepo.

Nungu sanadikire mboni. Anakwera mlambe ndi zikhadabo zotha n'kuimenya ng'oma. Mavu anabalalika. Dambo lonse linadzidzimuka, nyama zikuthamangira kwa Kalulu.

"A Mlembi, yalira! Tsopano titani?"

Kalulu anasukusula, natsegula buku, nayendetsa chala pang'onopang'ono.

"Lamulo likuti chiyani?"

"Mikondo ituluke kwa onse."

"Ndiye itulutseni."

Aliyense anathamangira kunyumba kwake, natenga mkondo wake, nautulutsa panja, nautsamiritsa pakhonde. Mikondo yadzimbiri, mikondo yopanda mitengo, mikondo yomangidwa ndi ulusi wa kangaude. Nkhanga anatulutsa tsache. Kalulu anayenda nyumba ndi nyumba akuchonga m'buku, nalengeza kuti lamulo lakwaniritsidwa ndi nyama zonse, kopanda wotsala, ndipo tsikulo lizikumbukiridwa chaka ndi chaka.

Nungu anabwerera kumunda. Anatsala ndi chulu chimodzi, ndipo pachulupo Fisi analephera. Akabwera chakuno minga, akabwera chauko minga. Fisi anatopa, nayamba kungochilambalala. Zikhomo nazo zinachilambalala. Gologolo yekha ndiye ankafikako mwezi ndi mwezi, masana, kukatenga msonkho.

Zule, zule, kho, kho. Zule, zule, kho, kho. M'mawa wina Kalulu atakhoma chikhomo chomaliza anaweramuka, naona kuti waima m'munda wa mtedza. Anaununkhiza mtedzawo. Unali wake.

Usiku umenewo sanagone. Ankamva kupuma kuseri kwa zikhomo. Anaganiza za ng'oma, nakumbukira makonde. Anaganiza zosuntha zikhomo, nakumbukira kuti kumbuyo kwa mtedza kuli khomo la nyumba yake.

Kusanache anali kale pakhomo pa bwalo, chingwe cha Kamba chili m'manja, atachimasula yekha ndi mano.

"Agogo! Agogo, dzukani, nkhani yabwino! Mfundo zanu zonse zamasuka. Nkhandwe yemwe wavomera. Mulowa lero."

Mwala uja unatulutsa mutu pang'ono.

"Lero?"

"Lero lomwe. Takupezeraninso malo aulemu, nthaka yachonde, mizere 10 ya mtedza wolimalima. Ndapatula pamunda wanga ine mwini."

"Mbali iti, mwanawe?"

"Chakum'mawa, agogo. Kotulukira dzuwa, kofunda bwino, koyenera mafupa a munthu wamkulu."

Kamba anaphethira kamodzi. Anayang'ana kum'mawa nthawi yaitali, nayang'ana miyendo ya Kalulu imene inali mame okhaokha.

"Wandilemekeza, mdzukulu wanga. Kukana sindikukana."

"Ndiye tiyeni mukasaine!"

"Kulolanso sindikulola. Kwathu kuli mwambo: salowa m'nyumba ya munthu amene ali pankhondo. Ukathana naye Fisi, udzandiuze, tidzakambirane."

"Koma agogo, Fisi afika usiku uno!"

"Khala pakampandopo uyembekeze," anatero Kamba. "Mwini wake sakukagwiritsanso ntchito."

Nabweza mutu m'chigoba.