Mutu Umodzi Susenza Chigayo

Mwambi woti mutu umodzi susenza denga unabadwa pamene chinthu cholemera kwambiri pamudzi chinali denga la nkhokwe, lija amamangira pansi kenako n'kulikweza anthu ali gulu. Lero ku Ntcheu denga limabwera pa pikapu: injini ya dizilo ya chigayo, jenereta, kapena pampu yothirira mbatatesi ku Tsangano. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 munthu mmodzi amalisenza, koma injini ya chigayo imalemera kuposa matumba otere angapo, ndipo ilibe pogwira pofewa.

Vuto la mwambiwu n'lakuti unangotchula mitu, sunanene za pakamwa. Galimoto ikangoima pa Lizulu kapena pa Kampepuza, mitu imasonkhana yambirimbiri, koma yosenza imakhala yowerengeka. Ina yonse ndi ya alangizi, manja ali m'thumba, wina akuti kumanja, wina akuti kumanzere. Choncho lamulo loyamba n'lakuti wolamula akhale mmodzi, ndipo ana ndi oonerera aime patali.

Galimoto iimikidwe pamalo osatsetsereka, zomwe m'mapiri a Ntcheu zimafuna kufufuza ndithu. Dalaivala azimitse injini, akoke handibuleki, asiye galimoto mu giya ndi kutsamiza miyala kumatayala. Ochenjera amabweza galimotoyo chafutambuyo mpaka igunde pachitunda, kuti katundu atsike pafupi. Mafuta ndi madzi a mu injini yotsitsidwayo ayambe achotsedwa.

Kenako pamafunika matabwa awiri ochindikala, otalika katatu kapena kanayi kuposa msinkhu wa thandala la galimoto, omangidwa kuti asaterereke. Chitseko cha nyumba ya apongozi si thabwa. Injini imangidwe chingwe cholimba chokulungidwa kuchitsulo cha galimoto, ndipo ogwira chingwecho akhale kumtunda, azimasula pang'onopang'ono. Kumunsi kwa matabwa kuikidwe matayala akutha, osati mlamu wodzitama kuti anatchingapo ng'ombe yolusa ndi chifuwa.

Ponyamula, mawondo ndiwo apinde, msana ukhale chilili, katundu ali pafupi ndi thupi, ndipo onse adzuke pamodzi wolamula akawerenga kufika pa 3. Kumapazi kukhale jombo, chifukwa patapata sanapulumutsepo chala. Masese a aganyu aperekedwe ntchito itatha, pakuti akatsogola, matabwa awiri aja amaoneka anayi.

Injini ikapulumuka m'manja, aliyense aitaye n'kudumphira kumbali. Kuiwakha si chamuna. Mphamvu za Chingoni zili ndi malo ake, pabwalo la ngoma, chishango chili m'manja. Chitsulo chosweka amachiwotcherera pa Boma tsiku lomwelo, pamene mwendo wothyoka umakhala m'chikhakha milungu ingapo, chigayo chili chiimire, makasitomala akukagayitsa kwina.