Nyumba Yamatayala ya Mkamwini

Alamu anga akhala pachikamwini zaka 11, ndipo chachikulu chomwe atolapo n'chakuti nyumba ya njerwa zootcha sinyamulika. Anaonera mnzawo wina yemwe anaumba njerwa yekha, kukhoma malata yekha, koma tsiku lomwe eni mbumba anati zakwana, anatuluka m'mudzi ndi bulangete ndi wailesi basi. Malata aja anatsala akung'anima pamutu pa mwamuna wina.

Ndiye chaka chino atagulitsa mabelo awo a fodya ku okushoni ku Kanengo, sanachite za anzawo zosowa sabata ziwiri pa Mponela n'kufika pakhomo ndi sopo mmodzi. Iwo anafika ndi nzeru. Mnyamata wina anawaonetsa pa Facebook anthu a ku America okhala chaka chonse m'nyumba zokokedwa ndi galimoto, muli bedi, pophikira, ngakhale chimbudzi. Akayambana ndi anansi, amangoliza injini. Dzina la nyumbazo akuti fifth wheel, gudumu lachisanu.

"Alamu," anandinong'oneza, "mkamwini wochenjera azigona pamatayala. Tiyeni mukandithandize kusankha ngolo yolimba, tiikhome denga."

Pa Nachisaka munthu sagula chinthu chachikulu payekha. Ukangoima pafupi ndi ngolo manja uli nawo kumbuyo, bawo imaima, wometa amasiya mutu watheka, akabaza amazimitsa njinga. Posakhalitsa tinali ndi akatswiri 15, ndipo aliyense anayamba wamenya kaye tayala ndi phazi. Chomwe phazi limamva m'tayala n'chinsinsi cha amuna. Ngakhale wovala patapata anamenya, n'kugwedeza mutu ngati sing'anga waona zoopsa m'chihema.

Mlandu woyamba unali wa gudumu lachisanulo. Ngolo ili ndi awiri, galimoto anayi, nanga lachisanu likhala pati? Wina anati ndi la sipeya. Wina anati ndi chiwongolero, poti nacho n'chozungulira. Mkulu wa mpingo anati zimenezi n'zizindikiro za masiku otsiriza. Anatiwombola ndi bambo wina yemwe anayendapo ndi mathiraki mpaka ku Beira. Anati si gudumu ayi, ndi chimbale chachitsulo chopakidwa girisi kumsana kwa thiraki, pomwe chikhomo cha ngolo yake chimalowa n'kukoleka, kuti kulemera kukhale pamwamba pa matayala akumbuyo. Tonse tinati "eyaa", ngati tinkadziwa kale. Mkulu wa mpingo anafunsa ngati ng'ombe ili ndi malo oikapo chimbalecho.

Wowotcherera mwini ngoloyo anali chete, akudikira kuti tithe mawu. Kenako anayamba kuitama ngati mwana wamkazi wopita ku chitengwa. Ekiselo, akuti, anaichotsa ku Land Rover ya bwanamkubwa. Kuno ekiselo iliyonse inachokera ku Land Rover ya bwanamkubwa. Bwanamkubwayo ayenera kuti ankayenda pansi. Matabwa anati ndi mlombwa. Bambo wa ku Beira anakanda penti ndi chikhadabo, kununkhiza, n'kunena kuti mlombwa umenewu unamera pamtengo wa bulugamu. Anagwadanso pansi n'kutionetsa dzimbiri lomwe penti wabuluu anafunditsa ngati chilonda, ndipo pamenepo mpamene ndinaona alamu akuyamba kumvetsera. Ngolo yonyamula manyowa ikathyoka umataya manyowa. Iyi ikanathyoka ikanataya mutu wa banja.

Mtengo utatchulidwa, alamu anagwira m'chiuno. Wowotcherera anati tisamuyang'ane iye, tiyang'ane boma lomwe linagwetsa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zoona, ndodo zowotcherera zimachokera kunja. Koma bulugamu wa kuseri kwa nyumba yake anaimva bwanji nkhani ya dola?

Za denga tinakangana mpaka dzuwa kupendeka. Malata amawotcha mu Okutobala, ndipo mu Juni mphepo ya m'mapiri athu ano imakulowa mpaka m'mafupa. Udzu umabweretsa makoswe. Lona amabedwa. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa, yemwe palibe anamufunsa, anaponya funso lake: "Nanga achimwene, mvula ya Januwale ikamagwa usiku, kuthengo muzikapita ndi nyumba yomwe?" Amuna tonse tinayang'ana kumbali.

Mabuleki ndiye sitinawaganizire n'komwe mpaka kamnyamata kena katafunsa. Dziko lathu ndi zitunda zokhazokha, kuyambira ku Dowa boma mpaka ku Ntchisi. Ngolo ikaima pamtsetse imadalira mwala wotsekera tayala, ndipo mwalawo umadalira ana a m'mudzi kuti asautenge kukaswera mtedza. Alamu anadziona m'maganizo akugona pachitunda n'kudzuka kudambo, achule akuwapatsa moni. Anagulabe.

Ngolo inafika pakhomo madzulo, itakokedwa ndi anyamata asanu ndi mmodzi omwe analipidwa thobwa. Denga ndi malata anayi, chitseko n'cha kabati yakale. Achemwali anga anaizungulira kamodzi, osanena kanthu, n'kukapitiriza kusinja. Apongozi awo ndiwo anaiyamikira kwambiri. Anamenya tayala ndi phazi, kusuzumira m'kati, n'kufunsa mwaulemu wonse:

"Zakongola, apongozi. Nanga ng'ombe zokokera mwasunga kuti?"

Ng'ombe ziwiri zokha zodziwa goli m'mudzi monsemo ndi za amayiwo.

Papita miyezi inayi tsopano. Nkhuku zikuikira kunsi kwake, ndipo tayala lakumanzere laphwa. Lachiwiri lililonse alamu amatsitsa mkeka ndi bulangete, kumanga ng'ombe za apongozi, n'kupita ndi matumba a mbumba yonse kuchigayo.