Mapiritsi a usiku pa siteji ya Njuli

Pa siteji ya Njuli, m'mbali mwa msewu wa Limbe kupita ku Zomba, anyamata a kabaza amaimika njinga zawo pafupi ndi amayi ogulitsa tomato, choncho nkhani ikayambika kwa awa sichedwa kufika kwa awo. Tsiku lina m'mawa ndikudikira minibasi, mnyamata wina anali atatsamira njinga yake yamoto, kuyasamula kosalekeza.

"Achimwene, kodi usiku munali kumaliro?" anafunsa mayi wa tomato.

"Ayi amayi, ndi mapiritsi. Chimwalirireni bambo anga tulo kunalibe, nsima osalowa, ntchito osaifuna. Kuchipatala anati ndi matenda okhumudwa, nkundipatsa aja omwa pogona. Sabata yatha tsopano, mumtima mudakali momwemo. Chomwe ndapindula ndi tulo ta masana ndi kuuma m'kamwa basi. Lero ndawasiya."

Gogo wina amene anakhala pa thumba la chimanga anatembenuka. "Mdzukulu wanga, ndionetse buku lako la kuchipatala." Mnyamatayo analisolola m'thumba la jekete, lopindikapindika, ndipo gogoyo analitalikitsa ndi maso nkuwerenga pang'onopang'ono. "Amitriptyline. Ndinamwapo amenewa. Zovuta zake ndi zimene zimafika msanga: tulo, kuuma m'kamwa, kudzimbidwa, chizungulire ukadzuka mofulumira. Kupepuka kwa mtima kumabwera m'mbuyo, pakatha masabata 2 mpaka 4, ena mpaka 6. Iwe wamva zowawa zokhazokha, ndiye ukuwasiya zabwino zisanafike."

"Nanga ntchito yanga, agogo? Ndinyamule munthu maso akutseka?"

"Ayi, lero usanyamule munthu. Bwerera ukawauze adokotala kuti umayendetsa njinga. Akhoza kukuchepetsera mlingo, kapena kukupatsa ena otchedwa fluoxetine, omwa m'mawa."

Gogoyo ananena zoona. Mankhwala awiriwa ndiwo amaperekedwa kawirikawiri m'zipatala za boma m'Malawi muno. Fluoxetine nayenso ali ndi zake: nseru, mutu, kusowa tulo masiku oyamba, ndipo kwa ena chilakolako cha m'banja chimatsika. Zambiri mwa izi zimachepa thupi likazolowera, koma zimene zikupitirira ndi zokanena kuchipatala, ngakhale zimene munthu amachita nazo manyazi.

Mayi wa tomato uja analowereranso. "Ngati amagonetsa chotero, achimwene, mundigawireko awiri. Inenso ngongole ya banki mkhonde ikundisowetsa tulo."

Apa gogoyo anakweza mawu. "Ayi, mwana wanga! Amenewa si ogawana. Ukamwa ambiri amasokoneza kagundidwe ka mtima, munthu nkufa. Mwana akawatola pa tebulo ndi maliro. Ndipo iwe mnyamata, kachasu ndi masese uziiwale kaye, mowa umawonjezera tulo ndi chizungulire."

Mnyamatayo anafunsa chapansipansi chimene chinkamuvuta kwenikweni. "Ndikabwerera, sakanditumiza ku Zomba?"

Ambiri amaopa zomwezo, chifukwa dzina la Zomba Mental Hospital limamveka ngati chigamulo. Koma kukhumudwa si misala, ndipo ochuluka odwala matendawa amachira ali pakhomo pawo, akulima ndi kuchita geni, kumangopita kukaonedwa pa tsiku limene alemberedwa.

Kwa ife a kuno ku Chiradzulu nkhani ya kumwa mankhwala mokhulupirika si yachilendo. Kuyambira 2001, pomwe bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV m'boma lino, taona abale athu akudzuka pa mphasa chifukwa chosadumpha tsiku. Mankhwala a kukhumudwa amafuna khama lomwelo, kungoti ambiri samwa moyo wonse. Munthu akayamba kupeza bwino amapitirizabe miyezi 6 kapena kuposerapo kuti matenda asabwerere, ndipo posiya amatsitsa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi achipatala. Kudula mwadzidzidzi kumabweretsa nseru, mutu, kusakhazikika ndi maloto oipa. Amayi oyembekezera kapena oyamwitsa, odwala mtima, khunyu, ndi amene ali pa mankhwala ena, anene zonsezi asanalandire.

Minibasi itafika, gogoyo anagwira mkono wa mnyamatayo. "Ukamva maganizo ofuna kudzichotsa moyo, usadikire tsiku lolembedwa m'bukumo. Uuze m'bale wako, mupite kuchipatala tsiku lomwelo."

Chenjezo limeneli ndi lofunika kwambiri kwa achinyamata osakwana zaka 25, chifukwa masabata oyamba maganizo otere amatha kukula. Ngati pakhomo panu pali amene wayamba mankhwalawa, mapiritsi muzimusungira ndinu, muzimupatsa a tsiku limenelo okha, ndipo mumuperekeze pokaonana ndi adokotala. Wokhumudwa amasowa mphamvu yodzisamala, ndiye masabata oyambawo achibale amunyamulireko udindowo.