Ulemerero wa Cholla, Chomera Chokwera Matola

Cholla, chomwe eni dera amachitchula kuti "choya", ndi chomera chaminga cha m'chipululu cha Sonora, ku Arizona m'dziko la America ndi kumpoto chakumadzulo kwa Mexico. Mwa zomera zoposa 50,000 za m'munda wa Desert Botanical Garden mumzinda wa Phoenix, ndi chokhachi chimene chimadziwa mwambo wolandira alendo. Zinzake zimangoima njo kudikira kujambulidwa, pomwe cholla chimamugwira mlendo ndithu, n'kumuperekeza mpaka pagalimoto.

Mundawu unatsegulidwa mu 1939 ku Papago Park, pakati pa timapiri ta miyala yofiira, ndipo ndi wa mahekitala pafupifupi 57. Gustaf Starck, wokonda zomera wochokera ku Sweden, ndiye anasonkhanitsa anzake kuti ateteze zomera za m'chipululu, ndipo Gertrude Webster anathandiza ndi ndalama. Kuyambira pamenepo mbiri yonse yakhala ikupita kwa saguaro, chimtengo chaminga chokweza manja m'mwamba ngati munthu woimitsidwa ndi achiwembu. Saguaro amatha kukhala zaka zoposa 150, koma kuti atulutse mkono woyamba zimamutengera zaka 50 kapena kuposerapo. Ulesi woterewu unalipidwa ndi ulemu: duwa lake ndilo chizindikiro cha boma la Arizona. Cholla, chogwira ntchito usana ndi usiku, chimangolandira matemberero.

Thupi la cholla ndi timagawo tonenepa ngati zitsononkho, tolumikizana mosalimba. Mtundu wina, Cylindropuntia bigelovii, anautcha dzina la kachidole ka chimbalangondo chifukwa ukauonera patali, dzuwa likupendeka, umaoneka wa ubweya wofewa wofuna kusisitidwa. Mtundu wina, Cylindropuntia fulgida, umatchedwa wolumpha. Akatswiri amanenetsa kuti sulumpha konse, kungoti kagawo kamathothoka munthu akangokakhudza pang'ono pokha. Olasidwa onse amakana zimenezi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anavomerapo kuti ndiye anayamba.

Munga uliwonse uli ndi timbedza tosaoneka ndi maso, toloza kumbuyo ngati ta minga ya nungu ya ku America. Polowa sulimbana ndi munthu. Nkhondo ili potuluka. Ofufuza a pa yunivesite ya Illinois anapeza mu 2018 kuti munga umodzi wokha ukhoza kunyamula nthuli ya nkhumba yolemera pafupifupi kota ya kilogalamu. Poyerekeza ndi zimenezi, chisoso chomata pa thalauzi ndi mwana wakhanda.

Nzeru yake yaikulu ili pa kayendedwe. Mbewu za bigelovii sizimera kawirikawiri, choncho chomerachi chimafalikira pokwera matola. Kagawo kamamatirira pa mwendo wa nyama kapena wa munthu, kamatsika pomwe katsitsidwa, n'kuzika mizu pomwepo. Sikafunsa mtengo wa ulendo, sikathokoza, ndipo woyendetsa ndi amene amalipira ndi magazi. M'mundamo zomera zili kumbali kwa tinjira, ndipo zikwangwani zimapempha anthu kuti asapatuke. Koma sipalephera kupezeka bambo wina wobwerera chafutambuyo kuti banja lonse likwane m'chithunzi.

Zotsatira zake zimayenda mwadongosolo lodziwika. Bamboyo amayamba wakutumula mwendo, kagawo n'kumira kwambiri. Kenako amakagwira ndi dzanja lamanja, kamasamukira ku zala. Dzanja lamanzere likabwera kudzalanditsa, nalo limamangidwa. Mayi akathamangira kudzathandiza, amalandira gawo lawo monga mwa lamulo la banja, ana ali pambali kujambula ndi foni.

Mankhwala ake ndi chipeso. Chimalowetsedwa pakati pa khungu ndi kagawo kaja, n'kutukulidwa mwamphamvu kamodzi, kuloza kopanda anthu. Apa m'pamene pagona ulemerero weniweni wa cholla: chinachititsa amuna a dazi lowala ngati mphika wotsukidwa ndi mchenga kuyenda ndi chipeso m'thumba popanda wowaseka. Palibe mkazi, m'busa kapena bwana amene anakwanitsapo zimenezi. Mkulu wina akatulutsa chipeso chake pagulu, mutu uli nyezinyezi padzuwa, achinyamata a tsitsi lambiri amaima pamzere kuti abwereke.

Alendi ake ndi ochepa koma okhulupirika. Mbalame ya cactus wren, yomwe ndi mbalame ya boma la Arizona, imamanga chisa pakati pa mingayo, ndipo khoswe wa m'chipululu amatuta timagawo takugwa n'kutchingira khomo lake. Anthu a mtundu wa Tohono O'odham akhala akuthyola ndi kudya maluwa osatsegula a mitundu ina ya cholla kuyambira kalekale. Onsewa anaphunzira kuchifikira mwaulemu.

Pa nkhani ya madzi, cholla chimachititsa manyazi anansi ake. Kawirikawiri Phoenix salandira mvula yofika mamilimita 200 pa chaka, ndipo mu 2023 munadutsa masiku 31 otsatizana kutentha kukufika madigiri 43 kapena kuposa, mpaka saguaro ena m'mundamo anathyoka mikono, ena kugwa kumene. Komabe kunja kwa mpanda kuli anthu othirira kapinga m'chipululu, madzi akuyenderera mumsewu, kuti kapingayo akule, amutchetche, amuthirirenso. Ena mwa madzi a mzindawu amayenda mu ngalande ya Central Arizona Project, yotalika makilomita oposa 500 kuchokera ku mtsinje wa Colorado, umene ukucheperachepera. Akuluakulu amakumana m'zipinda zozizira kukambirana za vutoli, botolo la madzi patsogolo pa aliyense. Cholla sichinaitanidweko ku msonkhano ndi umodzi womwe, ngakhale mpando umodzi wokhala ndi kagawo kake ukanafupikitsa zokambirana.

Nthawi yabwino yokachiona ndi m'mawa kwambiri, kapena miyezi yozizira kuyambira Novembala mpaka Malichi. Mlendo amafunika nsapato zotseka, chipewa, madzi akumwa ndi chipeso cha mano otalikirana. Timinga totsalira timazulidwa ndi kopanira kakang'ono, ndipo toduka m'kati mwa khungu timatha kutuluka tokha pakapita masiku, nthawi zambiri mwini wake atafika kale kwawo.